Mtengo wa Mbaŵa Sukhwima Chaka Chimodzi

Ulaliki wa pa wailesi wonena za kuphunzitsa anthu kusamala chilengedwe



Ndiyambe ndi funso limene ndifuna kuti aliyense aliyankhe mumtima mwake. M'chaka cha 1976 dziko lathu linakhazikitsa Tsiku Lobzala Mitengo, pa 21 Januwale. Tsikulo linakula nkusanduka nyengo yathunthu, yoyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka akuluakulu amagwada pansi ndi kubzala mbande, ana a sukulu amaimba nyimbo, ndipo aliyense amabwerera kwao mtima uli m'malo. Ana amene anabzala nawo mitengo pa tsiku loyamba lija, lero ndi agogo, ali ndi zidzukulu. Nanga bwanji mapiri athu akunka nayera? Nanga bwanji nkhuni zikunka nizitalikira, ndipo mitsinje ina imene inkayenda chaka chonse tsopano imaphwa dzuŵa likangotentha?

Mbande sizinasoŵe, malamulonso sanasoŵe. Chimene chasoŵa ndi chiphunzitso chokhazikika, chimene chimaloŵa mwa munthu akali mwana, nkukula naye, mpaka kufika kwa ana ake. Ambiri amaiona ntchito yosamala chilengedwe ngati munda wa chimanga, kubzala mu Disembala ndi kukolola mu Meyi. Koma ntchito imeneyi ikufanana ndi mtengo wa mbaŵa, umene kaŵirikaŵiri wobzala wake sachekako thabwa. Amadzacheka ndi ana ake. Choncho lero tilingalire zinthu zimene tiyenera kuika patsogolo pophunzitsa, ngati tifuna kuti khanda lobadwa chaka chino lidzapeze munda wachonde ndi chitsime cha madzi likamadzakwanitsa zaka 30.

Pamene tafika

Tiyambe taona pamene taima. Kalembera wa 1966 anapeza kuti m'Malaŵi munali anthu okwana 4 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni. Anthu achuluka kanai, koma dziko silinakule ngakhale phazi limodzi. Mwa mabanja 100 alionse, oposa 90 amaphikira nkhuni kapena makala. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti m'chaka cha 2014 hekitala iliyonse inkataya dothi lolemera pafupifupi matani 29 pa chaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, ndipo dothi lokokolokalo ndi lapamwamba, lija lakuda, losunga chonde.

Dothilo silithera m'khwaŵa ai. Lambiri limakafika mu Shire, nkumakwirira malo osungira madzi opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Magetsi akazima, anthu a m'tauni amagula makala ochuluka. Makala akayenda malonda, mitengo ina imagwa, ndipo mitengo ikagwa, dothi lina limakokoloka. Mwaona m'mene vuto limodzi limabalira linzake.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kumwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi inaphwasuka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusoŵa. Ena mwa inu amene mukumvera munataya ana, makolo ndi abale masiku amenewo, ndipo sindingayese kunena kuti imfa zao zinali chilango. Napolo anatsikapo kale ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndiponso kutentha kwa dziko lonse lapansi, kumene kukukulitsa anamondwe, kwachokera makamaka ku utsi wa maiko olemera. Komabe phiri lopanda mitengo siligwira madzi monga phiri la nkhalango, ndipo nyumba yomangidwa m'njira ya madzi ili pangozi. Izi ndi zinthu zophunzitsika, ndipo kuziphunzitsa ndiko kupulumutsa moyo.

Maphunziro aŵiri ochokera m'mbiri yathu

Mbiri ya dziko lathu ili ndi zitsanzo ziŵiri zotithandiza kusankha njira. Choyamba ndi malimidwe. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakakamiza anthu kulima mizere yopingasa ndi kupanga milambala, kuti nthaka isakokoloke. Osamvera ankalipitsidwa, ena kumangidwa, ndipo kwina mbeu zinkazulidwa m'munda. Kuchigwa cha Shire anthu anaitcha nkhani imeneyi nkhondo ya mitumbira. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulowo, posonyeza kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma linaiimitsa pa ufumu. Kuteteza nthaka kunali kofunika ndithu, koma kunabwera ndi mkwapulo m'malo mwa chiphunzitso. Mkwapulo utachoka, anthu ambiri anataya ndi nzeru yomwe, chifukwa kwa iwo milambala inkawakumbutsa ukapolo.

Chitsanzo chachiŵiri mumachiona tsiku ndi tsiku. Mukamayenda pa mseu wa ku Mchinji kapena wa ku Kasungu, mumangoona minda yokhayokha, ndiye apo ndi apo msitu wobiriŵira wa mitengo yakalekale. Ngakhale mwana wamng'ono amadziŵa kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe mpanda, palibe mlonda wolipidwa, koma nkhwangwa siloŵamo wamba. Chimodzimodzi nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona. Ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, mafumu a ufumu wa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti utaka uswane, ndipo asodzi amamvera.

Nchiyani chimasunga misitu imeneyi? Ndi chiphunzitso chimene agogo anauza makolo, makolo nauza ana, ndipo mudzi wonse unachigwira limodzi. Nzoona kuti mbali ina ya chiphunzitsocho inali mantha, ndipo ife akhristu sitimanga moyo wathu pa mantha. Koma makolo athu anazindikira chinthu chachikulu: munthu amasamala chimene amachilemekeza. Udindo wathu ndi kutenga ulemu umene uli pamanda ndi kuufikitsa kumunda, kuphiri, kudambo ndi kumtsinje, pa maziko a chikondi cha Mlengi ndi cha anzathu.

Zimene maiko ndi Eklezia anagwirizana

Nkhaniyi si ya Malaŵi yekha. Mu 1972 maiko anakumana ku Stockholm pa msonkhano woyamba waukulu wa United Nations wokambirana za chilengedwe. Mu Okutobala 1977 mabungwe a UNESCO ndi UNEP anaitanitsa maboma ku Tbilisi kukakambirana makamaka za maphunziro ake. Kumeneko anagwirizana kuti maphunziro ameneŵa akhale ndi zolinga zisanu: munthu azindikire kuti vuto lilipo, adziŵe m'mene zinthu zimayendera, asinthe mtima, aphunzire luso, ndiponso atengeko mbali pa ntchito. Anaonjezanso kuti maphunziroŵa ndi a moyo wonse, a ana ndi akulu omwe, m'sukulu ndi kunja kwa sukulu.

Eklezia naye sanakhale chete. Mu 1979 Apapa John Paul II anasankha Francis Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya anthu osamala chilengedwe, ndipo mu uthenga wao wa Tsiku la Mtendere la 1990 anaphunzitsa kuti kuonongeka kwa chilengedwe ndi vuto la chikhalidwe cha munthu. Mu 2015 malemu Apapa Francis analemba kalata yao yotchedwa Laudato Si', imene mutu wake wotsiriza ukukamba za maphunziro ndi moyo wauzimu. M'menemo akuti malamulo okha sangakwanire ngati anthu sanasinthe zizoloŵezi zao, ndipo akutchula banja, sukulu, katekisimu ndi nyumba zofalitsa nkhani ngati malo ophunzitsira. Mu 2022 Aepiskopi a m'chigawo chathu cha AMECEA, pa msonkhano wao ku Dar es Salaam, anatenga chilengedwe kukhala mutu wa zokambirana.

Maziko ake ali pa masamba oyamba a Malembo Oyera. Buku la Genesis limatiuza kuti munthu anapatsidwa ntchito ziŵiri m'munda muja: kulima ndi kusunga. Kulima timakuphunzitsa bwino. Mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri ali kale ndi kakhasu kake. Koma kusunga, ndani amakuphunzitsa, ndipo amakuphunzitsa liti? Ndikutchulireni zinthu zisanu zoti tiike patsogolo.

Choyamba: kuphunzitsa chifukwa chake

Mwana akangoloŵeza pamtima kuti kudula mitengo nkoipa, amakhoza mayeso, koma tsiku la njala amanola nkhwangwa. Ayenera kudziŵa ntchito imene mtengo umagwira. Dontho la mvula likagwera pa dothi loyera, limaphwanya dothilo ngati kanyundo, ndipo madzi amathamanga pamwamba atasenza chonde. Likagwera pa masamba, limafika pansi mphamvu itatha. Zinyalala zofunda pansi zimaimitsa madzi, mizu imawatsegulira njira, ndipo madziwo amaloŵa pansi pang'onopang'ono. Ndi madzi omwewo amene timatunga pachitsime mu Okutobala. Wotentha tchire pofuna mbeŵa zisanu amatentha chofunda cha nthaka, ndipo amaumitsa chitsime cha mudzi wake womwe.

Chiphunzitsochi chichokere pa zinthu zimene mwana amaziona. Mtengo wa msangu, umene umapezeka kwambiri ku Salima ndi m'chigwa cha Bwanje, ndi mphunzitsi wabwino. Mitengo ina ikamaphuka masamba nthaŵi ya mvula, msangu umayoyola ake. Motero suphimba chimanga, ndipo masamba ake amasanduka manyowa. Mpititseni mwana pansi pa msangu mu Febuluwale, ayerekeze yekha chimanga cha pamenepo ndi cha patali. Phunziro limenelo sadzaliiŵala. Inu agogo, muli ndi chuma chimene sichili m'buku lililonse: maina a mitengo, ya mankhwala ndi ya zipatso, masuku, matowo, nthudza, maye, ndiponso malo amene kale panali akasupe. Mwana amene sadziŵa dzina la mtengo amangoti ndi nkhuni. Muwauze mainawo mukali moyo, ndipo muwauze m'chinenero chao.

Chachiŵiri: kuphunzitsa aphunzitsi

Ndalama zikakhala zochepa, tiziika pati? Ine ndikuti pa aphunzitsi. Mphunzitsi amene amalandira ana 60 pa chaka, akagwira ntchito zaka 30, amakhala ataumba ana 1,800. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, pafupifupi mwana aliyense amapondako kusukulu, ndipo si chachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Mphunzitsi wotereyu sangasenze phunziro lina latsopano pamwamba pa mtolo umene ali nawo. Chofunika ndi kumuthandiza, kuyambira kusukulu yake ya uphunzitsi, kuti chilengedwe chiloŵe m'maphunziro amene alipo kale. Pa masamu ana aŵerenge mitolo ya nkhuni imene banja limatha pa mwezi. Pa Chicheŵa alembe mbiri ya mtsinje wa kwao monga aimvera kwa akulu. Pa zaulimi asamale nazale. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ndipo sukulu zathu za mishoni ziyenera kukhala patsogolo pa ntchito yotere.

Inu akatekisti, mau aŵa akukukhudzani koposa. Wansembe amafika kunthambi mwina kamodzi pa mwezi, mwina pa miyezi iŵiri, koma inu muli komweko masiku onse. Simusoŵa kupeka katekisimu watsopano. Pophunzitsa za Mulungu Mlengi, tulukani ndi ana panja. Pophunzitsa lamulo loletsa kuba, afunseni ngati munthu angathe kubera mwana amene sanabadwe. Wolima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje amabera anzake a kumunsi, ndipo wopha nsomba ndi neti ya udzudzu amabera zidzukulu zake ndiwo. Pokonzekeretsa anthu ku sakramenti la Kulapa, athandizeni kufufuza mtima pa zimenezinso. Nkoyeneranso kuti m'maseminale, m'nyumba zophunzitsira asisitere ndi m'sukulu za akatekisti phunziroli likhale lokhazikika, kuti lisamadalire chidwi cha munthu mmodzi amene maŵa adzasamutsidwa.

Chachitatu: kuphunzitsa manja, ndi kuŵerenga moona

Mu 2016 dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Lonjezo lotere silingakwaniritsidwe ndi mwambo wa tsiku limodzi. Timakonda kuŵerenga mbande zimene zabzalidwa, koma chiŵerengero choona ndi cha mitengo imene ili moyo patapita zaka zisanu. Pakati pa Januwale wobzala ndi Januwale wotsatira pali mbuzi, chiswe, moto ndi dzuŵa la Okutobala. Parishi kapena sukulu ikamapereka lipoti, inene mitengo imene yapulumuka mwa imene inabzalidwa zaka zapitazo. Mitengo 50 yamoyo ndi yoposa mbande 5,000 zakufa.

Pali luso lina losalira ndalama, limene linasintha dziko la Niger, dziko louma kuposa lathu. Kumeneko mmishonale wina wa ku Australia, Tony Rinaudo, ankagaŵa mbande koma zambiri zinkafa. Mu 1983, m'dera la Maradi, anazindikira kuti tizitsamba timene alimi ankalambula m'minda tinali mphukira za zitsa, zimene mizu yake inali yamoyo pansi. Anayamba kuphunzitsa alimi kusankha mphukira zoŵerengeka zamphamvu pa chitsa chilichonse, kusadza zina zonse, ndi kuziteteza ku moto ndi ku ziŵeto. Popeza mizu ndi yakale ndiponso yozama, mtengo wotere umakula msanga kuposa mbande. Nzeruyi inafala kuchokera kwa mlimi kupita kwa mlimi mnzake, ndipo akatswiri amaŵerengera kuti mitengo pafupifupi 200 miliyoni inamera pa mahekitala 5 miliyoni. Malo amenewo ndi oposa theka la mtunda wonse wa Malaŵi. M'mapiri ndi m'minda mwathu zitsa zadzaza. Nkhalango ikali yamoyo pansi pa nthaka, ikungodikira anthu ophunzitsidwa.

Chachinai: kuphunzitsa mwachilungamo

Chiphunzitso chimene chimangodzudzula osauka sichidzapita patali. Bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu a makala usiku wonse kuchokera ku Dzalanyama kupita ku Lilongwe sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Ali ndi ana ofuna chakudya ndi fizi. Ndipo makalawo akupita kwa yani? Akupita kunyumba za m'tauni, kwa anthu ophunzira, amene ena mwa iwo amakhala pa mipando yakutsogolo m'tchalitchi. Wogula ayenera kuphunzitsidwa pamodzi ndi wootcha. Amene angathe kuphikira magetsi kapena gasi koma amasankha makala chifukwa chotsika mtengo, adziŵe kuti mtengo wotsalawo akulipira ndi mudzi umene makalawo achokera.

Kwa osauka, chiphunzitso chibwere ndi njira ina yopezera moyo. Mbaula ya dothi ya chitetezo imatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo amai angathe kuiumba okha ndi kugulitsako. Nandolo amapereka ndiwo, chonde ndi nkhuni. Nsungwi zimaphukanso zikadulidwa. Ming'oma ya njuchi imasandutsa nkhalango yoimirira kukhala ndalama chaka ndi chaka. Ku Kenya, Wangari Maathai, amene anaphunzitsidwa ndi asisitere akali mtsikana, anayambitsa bungwe la Green Belt Movement mu 1977. Iye anayamba ndi kumvera amai akumudzi akudandaula za nkhuni, madzi ndi chakudya. Amaiwo ankafesa okha nazale, ndipo ankalandira kangachepe pa mtengo umene wapulumuka. Pamene ankalandira mphoto ya Nobel mu 2004, mitengo yobzalidwa inali itaposa 30 miliyoni. Amai ndiwo amasenza nkhuni ndi madzi, ndiwonso aphunzitsi oyamba a mwana. Dongosolo lililonse lowasiya kumbuyo lagwa kale.

Chachisanu: kuphunzitsa anthu kulankhula

Pali kuononga kwina kumene banja limodzi silingakuletse: malole odzaza makala odutsa pa malo ofufuzira katundu popanda wofunsa, malo a m'mphepete mwa mtsinje ogulitsidwa mwachinsinsi, mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Munthu wophunzitsidwa bwino amadziŵa malamulo a dziko lake ndipo amafunsa mafunso mwaulemu koma mopanda mantha. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zaozao ndi makomiti ozisamala, ndipo mu 2020 linakonzedwanso kuti zilango zikule. Ndi angati m'mudzi mwanu amene amadziŵa zimenezi?

Taonani nkhani ya majumbo. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, koma makampani ena anakatsutsa kukhoti ndipo lamulolo linaima. Nzika wamba ndi mabungwe sanatope; anayenda m'miseu ndi kulankhula, mpaka mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho. Mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi, mai Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Komabe lamulo lolembedwa silitola jumbo m'ngalande, ndipo silimuletsa munthu kulandira jumbo pamsika. Lamulo limagwira ntchito pamene anthu alimvetsa ndi kulitenga kukhala lao. Apa tabwereranso ku phunziro la malimidwe lija.

Dongosolo la zaka zambiri

Mukukumbukira nkhani ya Yosefe m'dziko la Farao. Atamasulira maloto a zaka zisanu ndi ziŵiri za dzinthu ndi zina zisanu ndi ziŵiri za njala, sanalekere pa kuchenjeza. Anapereka dongosolo: pakhale oyang'anira, pakhale nkhokwe, ndipo limodzi mwa magawo asanu a zokolola lizisungidwa chaka chilichonse. Linali dongosolo la zaka 14, ndipo linayamba nthaŵi imene anthu anali okhuta, pamene kusunga kunkaoneka ngati kutaya nthaŵi. Nzeru yochokera kwa Mulungu imaona patali, ndiponso imagaŵa ntchito.

Eklezia ali ndi mwaŵi umene mabungwe ambiri alibe. Ntchito za mabungwe zimatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, galimoto nkubwerera kumene zinachokera. Koma parishi imakhalapo mibadwo ndi mibadwo, ndipo chiyambire zaka za m'ma 1970 tili ndi miphakati, imene ena amati malimana, yokumana sabata ndi sabata m'midzi ndi m'makomboni. Choncho ndikupempha mphakati uliwonse kuti ukhale pansi ndi kulemba m'kope mayankho a mafunso atatu. Tichita chiyani chaka chino? Tifuna kudzaona chiyani pakatha zaka zisanu? Ana athu adzapeza chiyani pakatha zaka 20?

Chaka chino, sankhani malo amodzi: kasupe, phiri, gombe la mtsinje kapena bwalo la tchalitchi. Kambiranani ndi a mfumu ndi alangizi a zankhalango, pakuti mutu umodzi susenza denga. Sankhani anthu aŵiri, mai ndi bambo, oti akaphunzire ndi kudzaphunzitsa anzao, ndipo pambali pao pakhale achinyamata aŵiri oti adzalandire ntchitoyo. Kuyambira pa 1 Sepitembala, tsiku limene Apapa Francis anakhazikitsa mu 2015 lopempherera kusamala chilengedwe, mpaka pa 4 Okutobala, chaka cha Francis Woyera, akhristu a mipingo yambiri amasunga Nyengo ya Chilengedwe. Kwathu kuno imeneyo ndi nyengo ya moto wolusa ndiponso yosamala nazale, choncho pemphero ndi ntchito ziyendere limodzi. Itananinso anansi a mipingo ina ndi abale athu Asilamu, chifukwa mtsinje sufunsa chipembedzo cha wotunga.

Ndikupemphanso mabanja chinthu chimodzi. Mwana akabatizidwa, mvula ikagwa mubzalireni mtengo, ndipo makolo ake a ubatizo athandize kuusamala. Akamadzalandira Ukaristia woyamba, akhale akuuthirira ndi kuupalira yekha. Akamadzalandira Ulimbitso, abzale wina m'dzina la mng'ono wake. Tsiku la ukwati wake anthu adzakhale pamthunzi wa mtengo woyamba uja. Mwana wokula chotere sadzasoŵa womuuza kuti mtengo ndi chinthu cha mtengo wapatali. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwambiwu ukunena za mtengo ndi za mwana yemwe.

Abale anga, mwina wina akuti: “Ine ndakalamba, za zaka 20 sizikundikhudza.” Koma mango amene munadya chaka chatha anabzala ndani? Matchalitchi ambiri akale amene timapempheramo ali pamthunzi wa mitengo imene anabzala anthu amene maina ao taŵaiŵala. Iwo anatikonda asanatione. Chikondi chotere, chosayembekeza kubwezeredwa, ndicho chimene Ambuye Yezu anatiphunzitsa, ndipo mbadwo umene ukubwerawo nawonso ndi mnansi wathu. Winanso akuti: “Zinthu zaonongeka kale, palibe chimene tingachite.” Mkhristu salankhula chotero. Chitsa chimene chikuoneka chakufa chili ndi moyo m'mizu, ndipo Mulungu amene anaukitsa Mwana wake sanalitaye dziko limene analilenga.

Tipemphere. Atate, Mlengi wa mapiri, nyanja ndi madambo a dziko lathu, landirani mizimu ya abale athu amene anatengedwa ndi madzi ndi matope, ndipo tonthozani otsala. Patsani makolo, aphunzitsi, akatekisti ndi mafumu mtima wopirira, kuti aphunzitse osatopa ngakhale zipatso zichedwe. Dalitsani manja a ana athu, kuti adziŵe kulima ndiponso kusunga. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo akusungeni mpaka tidzakumanenso pa wailesi ino.